Mwana wotchuka kwa anzake koma m'kalasi zikumukanika, yesani izi

Pali ana ena oti ukawaona pa buleki ungaganize kuti ndi hedi boyi. Akangoima pansi pa mtengo wa nimu anzake onse unjiunji, nthabwala osati masewera, ku mpira ndiye kaputeni, koma lipoti likabwera mupeza ma 9 okhaokha, giredi ya wolephera. Makolo ambiri kuno ku chigwa cha Shire amathamangira kumuletsa anzake ati akumusokoneza. Ine ndinayesapo zimenezo ndi mwana wa achemwali anga wa Fomu 3, tinangokhala ngati mphaka ndi khoswe, mpaka anayamba kuzemba usiku kupita ku vidiyo sho.

Choyamba fufuzani pomwe anatsalira. Mupatseni buku la Biology awerenge ndime imodzi mokweza, kenako afotokoze m'Chichewa olo m'Chisena zomwe wawerengazo. Wanga uja anawerenga ngati muulutsi wa pawailesi, koma kumufunsa kuti ndimeyo ikuti chani anangoti "aaa malume inunso" n'kuyamba nkhani ya timu ya mpira ya Bullets. Apo ndi pomwe ndinazindikira kuti si ulesi ayi, Chingerezi chinamusiya kalekale ku pulayimale, ndipo kuseketsa anthu kuja kunali kubisa manyazi basi. Musaiwalenso kuti nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 masukulu ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje anasanduka makampu a anthu othawa madzi, ndiye pali mitu ina yoti anawa sanaione n'komwe.

Mukadziwa pamenepo, gwiritsani ntchito pakamwa pake pomwepo. Asankhe yekha anzake atatu, osapyola apo chifukwa akachuluka imasanduka msonkhano wa mpira, ndipo iyeyo akhale tichala wa gululo. Dzulo lake mukhale naye mphindi 20 zokha pa kamutu kakang'ono, monga mmene magazi amayendera mu mtima, mawa akawaphunzitse anzakewo ndi khala pa katoni. Mwana wokonda kutchuka safuna kuyaluka pamaso pa anzake, ndiye amakonzekera yekha osamukakamiza, wanga ndinamupeza akujambula mtima pa mchenga kuseri kwa khola la mbuzi akudziyankhula yekha. Ngati pali foni, atumize voice note pa WhatsApp kufotokozera mnzake yemwe anajomba.

Nthawi nayo muisamale. Kutentha kwa Okutobala ku Ngabu kapena Bangula palibe mutu ungagwire kanthu masana, bola m'mamawa kusanatenthe kapena dzuwa likapendeka, udzudzu usanayambe zake.

Koma kulongolola kokha a MANEB sachonga. Akamaliza kufotokoza, alembe funso limodzi la past paper, limodzi lokha patsiku, m'Chingerezi, inu kapena aphunzitsi ake amuchongere. Mumuuzenso chilungamo cha ma giredi a MSCE: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wakhoza chabe, ndipo akalephera English satifiketi palibe olo maphunziro enawo atakhoza bwanji. Ndiye musamulotetse ma 1, temu ino ingokhala yochotsa 9 wa English afike pa 7.

Chimodzi chomwe ndikupempheni, musamamunyoze anzake ali pompo, mawu ngati "mbuli iwe" amamubweza m'mbuyo mwezi wathunthu. Zolakwika muzimuuza muli awiri, mwina mukupita ku dimba kapena mukumupatsa njinga akagule ufa.