Mapasa sadikira miyezi 9

Dzinja lino m'midzi ya ku Angónia ndi ku Tsangano cholakwika chimodzi chikungobwerezabwereza. Mayi auzidwa kusikelo kuti ali ndi mapasa, koma pakhomo anthu akuwerengabe miyezi 9 ngati kuti m'mimbamo muli mwana mmodzi.

Mimba ya mwana mmodzi imawerengedwa masabata 40 kuchokera pa tsiku loyamba la kusamba komaliza. Ya mapasa kawirikawiri siifika kumeneko. Mwana aliyense akakhala ndi nsengwa yake, chiwalo chimene chimamudyetsa m'mimba, madokotala amati mimbayo yakhwima pa masabata 37 mpaka 38, ndiye kuti miyezi 8 ndi theka. Akamagawana nsengwa imodzi, tsiku limafupikanso, kufika cha pa masabata 36. Kupyola masabata 38 si mwayi ayi, chifukwa nsengwa imatopa kudyetsa ana awiri ndipo mwana angathe kufera m'mimba. Ndiye dziwaninso kuti mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane n'komwe. Amene akuwerenga miyezi 9 pa zala akudikira tsiku limene matenda sadzalidikira.

Nditamulangiza kuti akazi ake, amene anali ndi mimba ya mapasa, akadikirire kuchipatala, bambo wina wolima kachewere anandiyankha ali chiimirire m'mizere, matope mpaka m'maondo, kuti, "Alangizi, mwezi wa mayi akunyumba ndi Malichi. Akapita kukagona kuchipatala lero, chimanga abandire ndani?" Matenda anayamba usiku, Febuluwale ali pakati, mvula ikukhuthuka. Mwana woyamba anabadwira pamphasa m'manja mwa apongozi. Wachiwiri anali atagona chopingasa. Mtsinje unali utadzaza, wa njinga yamoto anakana kuwoloka, ndipo anthu anafika kuchipatala kunja kutayera, mayi atayezuka ndi kutaya magazi. Mayiyo anapulumuka ndi opaleshoni, koma mwana wachiwiriyo sanalire. Mbuzi zinagulitsidwa, chimanga chija sichinabandiridwe ndithu.

Zoti "agogo athu ankachirira pakhomo" ine zanditopetsa. Agogowo amene anatsalira pa uchembere sitiwatchula bwanji? Mapasa amatambasula chiberekero kwambiri moti mwana akabadwa chimachedwa kubwerera, magazi n'kumangotuluka. Kuthamanga kwa magazi ndi kuchepa kwa magazi m'thupi kumagwiranso kwambiri amayi a mapasa. Zimenezi azamba a m'mudzi alibe nazo chida, ngakhale akhale odziwa bwanji. Ndiye wina n'kuonjezerapo mwanamphepo kuti matenda afulumire, pamene mwana mmodzi wagona chopingasa! Kumeneko n'kung'amba chiberekero dala.

Chochita n'chodziwika. Yambani sikelo mimba ikadali yaing'ono, chifukwa makina ounikira amaonetsa bwino kuchuluka kwa nsengwa m'miyezi yoyambirira. Funsani anamwino kuti mimba ili pa sabata iti, akulembereni pakhadi. Pofika sabata ya 34 chikwama chikhale chomangamanga, ndipo gwirizanani ndi anamwino za tsiku lokalowa kunyumba yodikirira, ija ya casa de espera, kufupi ndi chipatala chimene chimachita opaleshoni monga cha ku Ulónguè kapena cha m'tauni ya Tete. Mapiritsi oonjezera magazi mwani osadumphitsa. Mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, nkhope ikatupa, madzi kapena magazi akayamba kutuluka, kapena ana akachepetsa kugunda, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi sabata yachingati. Abambo, ndalama ya njinga yamoto ikani padera lero, feteleza asanaimalize.