Kuonetsa ana kutalikirana kwa mapulaneti pabwalo la mpira

Mwafunsa, aphunzitsi, momwe mungaphunzitsire ana kuno ku Mzuzu za mapulaneti popanda zipangizo zodula. Tulukani nawo pabwalo. Ikani mpira pagolo, umenewo ukhale dzuwa. Mwana mmodzi ayende mamita 24 atanyamula kanjere ka mawere pachikhatho. Kanjereko ndiye dziko lathu, ndipo ana amadabwa kwabasi akakaona! Wina atenge suku laling'ono, Jupiter, adutse golo linalo mpaka mamita 120. Kenako auzeni kuti mwezi, kumene Neil Armstrong anaponda mu 1969, uli masentimita 6 okha kuchokera pa kanjereko. Nthawi imene Nthanda ikutuluka m'bandakucha, chifunga chikapanda kuphimba, alawirire kukaiona. Imeneyo ndi Venus, pulaneti, si nyenyezi ayi.