Mayi wotanganidwa ndi zovala za tsiku ndi tsiku: malangizo kwa amayi a ku Mangochi

Tsiku la sikelo mwana amafika kuchipatala ali waudongo, wosambitsidwa bwino, wodzozedwa mafuta, kachisoti kumutu. Koma ukayang'ana amene wamubereka, bulauzi ili ndi dontho la mkaka pachifuwa, chitenje chikununkha utsi wa dzulo, patapata wamangidwa ndi waya. Ndaziona zimenezi ku Namwera, ku Malindi mpaka ku Monkey Bay, ndipo sindinganene kuti ndi uve. Mayi ameneyu wadzuka tambala woyamba, watunga madzi, wasesa, waphika phala, waperekeza ana a sukulu. Itakwana nthawi yakuti avale iyeyo, wangotola chimene chinali pafupi ndi dzanja.

Vuto lagona pamenepo, amayi anzanga. M'mawa si nthawi yosankha zovala. Kusankha kuchitike pamsika pamene mukugula, ndiponso madzulo ana atagona. Mukachita bwino pa nthawi ziwiri zimenezi, m'mawa mumangovala n'kunyamuka.

Tiyambe ndi nsalu, chifukwa kuno kwathu nsalu ndiyo imalamula. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'mbali mwa nyanja kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri, ndipo amene wabereka mwana amamva kutentha kuwiri, kwake ndi kwa mwanayo. Nsalu ya thonje imamwa thukuta ndi kulola mphepo kudutsa. Ya poliyesita, imene ambiri timangoti nayiloni, imatsekera thukuta pakhungu, imayamba fungo dzuwa lisanafike pamutu, ndipo imabweretsa nsungu za thukuta pansi pa mabere ndi pamsana pa mwana. Zitenje zambiri zotsika mtengo masiku ano n'zosakaniza, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Finyani ngodya ya nsaluyo m'manja: ya thonje imachita makwinya, ya nayiloni imaterera n'kubwerera mwakale. Mukafika kunyumba, solani kaulusi kamodzi mukayatse. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, nayiloni imasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Zimenezi zikuuzaninso chifukwa chake ndimaletsa kuvala nayiloni pamoto: ikagwira moto imakakamira pakhungu, ndipo bala lake ndi loopsa.

Kachiwiri, gawani zitenje zanu. Pakhale cha ntchito ndi chotulukira, ndipo zisasinthane udindo. Cha ntchito ndicho chikumane ndi mwaye wa poto, mamba a chambo, ndowe ndi matope a kudimba. Chotulukira chizikhala chopinda, chosakhudza kukhitchini. Mbereko ikhalenso payokha, chifukwa ndi imene imalandira mkodzo ndi masanzi. Amayi ambiri ali nazo kale zitenje zokwanira, kungoti zonse zimagwira ntchito zonse, ndiye zonse zimasuluka limodzi pa miyezi itatu.

Kwa inu amene mumachita geni ya nsomba, kaya mumakapikula usipa m'madooko a ku Makanjira kapena kambuzi wa ku Malombe, mawu awa ndi anu makamaka. Valani zovala zanu zabwinobwino mkati, chitenje cha ntchito pamwamba chofika pachifuwa. Mukamaliza kuyanika kapena kugulitsa, chivuleni, chiikeni m'jumbo yakeyake, sambani m'manja ndi sopo, kenako tikitani ndimu m'zala ndi m'zikhadabo. Ndimu imachotsadi fungo la nsomba. Pamenepo mutha kulowa kumsonkhano wa makolo kusukulu kapena ku banki m'khonde popanda kudziguguda. Si kuti ntchito ya nsomba ndi yochititsa manyazi, ayi ndithu, ndiyo ikuphunzitsa ana ambiri m'boma lino. Koma munthu amalankhula momasuka pagulu akadziwa kuti zimene wavala zili bwino, ndipo ine ndimafuna amayi azilankhula m'misonkhano.

Tsopano za mitundu, pamene ambiri timasocherera. Zitenje zathu zili kale ndi maluwa ndi mitundu yambiri. Mukaphatikiza bulauzi yamaluwanso ndi mpango wamizeremizere, diso la wokuonani limasowa popumira. Lamulo langa ndi lapafupi: chovala chimodzi chokha ndicho chilankhule, zinazo zimvetsere. Ngati chitenje chili chamaluwa, bulauzi kapena tisheti ikhale ya mtundu umodzi, ndipo mtunduwo muutenge m'chitenje momwemo. Duku kapena hijabu itsatire bulauzi. Amayi achisilamu, amene ndi ochuluka kuno, ali ndi mwayi pamenepa, pakuti mpango waukhondo, womangidwa mosamala, umakonza maonekedwe onse nthawi imodzi. Sankhani wa nsalu yopepuka ya thonje, ndipo mukhale ndi iwiri kapena itatu ya mitundu yosavuta kugwirizanitsa, monga wakuda, wofiirira ndi wabuluu wakuda. Wonyezimira uja usungireni Lachisanu, Eid ndi maukwati. Amene mumavala siketi, diresi kapena buluku la jinzi, lamulo ndi lomweli.

Zoyera mbee n'zokongola, koma mayi wa mwana wakhanda ndi fumbi la m'chilimwe sagwirizana nazo. Pali mijigo ina m'mbali mwa nyanja imene madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, ndipo zoyera zimasanduka zotuwa msanga. Khalani nacho chimodzi cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chakwana.

Pa kaunjika m'pamene pamafunika mtima. Pitani mukudziwa kale chimene mukufuna, mwachitsanzo mabulauzi awiri a mtundu umodzi ogwirizana ndi zitenje zimene muli nazo. Ngati n'kotheka nyamulani chitenjecho muyerekeze pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tembenuzani chovalacho, yang'anani m'khwapa, m'khosi, m'misoko ndi zipi, chiunikeni padzuwa muone ngati nsalu yatha. Tisheti ya khosi lotambasuka isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo, siibwereranso. Chinthu chotchipa chimene simudzachivala ndi ndalama ya ndiwo yotayidwa. Zonse za pa kaunjika zichapidwe zisanavalidwe.

Kenako pitani kwa telala. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi chinsinsi chimene amayi ambiri amachinyalanyaza. Thupi limasintha munthu akabereka. Ena amanenepa m'chiuno, ena amaonda poyamwitsa, ndipo chovala cha musanakwatiwe sichingakhalenso monga kale. Ndimamva amayi akuti, "Ndikusunga, ndidzavala ndikadzabwerera." Valani thupi limene muli nalo lero. Chovala chothina chimaonetsa thukuta ndipo chimakupanikizani poweramira mwana, chachikulu kwambiri chimakuonetsani ngati mwadwala. Telala wa pakhonde la sitolo atha kubweza m'mbali, kufupikitsa siketi, kusintha zipi, pa mtengo wochepera kutali ndi wa chovala chatsopano. Ngati mukusoketsa diresi ya chitenje, muuzeni zinthu zitatu: aike matumba a foni ndi ndalama, asiye nsalu yotsala mkati mwa msoko kuti idzathe kukulitsidwa, ndipo ngati mukuyamwitsa, atsegule kutsogolo ndi mabatani kapena zipi. Mwana amayenera kuyamwa bere lokha miyezi 6 yoyambirira, ndi kupitiriza mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, ndiye chovala chimene chimakuvutitsani poyamwitsa pa minibasi kapena pamzere wa kuchigayo si chanu pakadali pano. Musaiwale kamisolo. Yolimba bwino, ya saizi yanu, imaimika bulauzi iliyonse. Yotha lastiki imagwetsa ngakhale diresi ya mtengo wapatali. Bola ziwiri zabwino kusiyana ndi zisanu zotopa.

Kachapidwe kamatalikitsa kapena kufupikitsa moyo wa chovala. Chitenje chatsopano chichapeni chokha ulendo woyamba, chifukwa utoto wake wina umatuluka. Dontho la mkaka, magazi kapena masanzi a mwana litsukuluzeni msanga ndi madzi ozizira, pakuti madzi otentha amaliphikira m'nsalu. Kumenyetsa zovala pamwala kumadula ulusi ndi mabatani. Ndipo inu ochapira kunyanja, mu Shire kapena ku Malombe, kumbukirani likodzo: tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pamene pali bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu la amene waima m'madzimo. Ngati mjigo uli pafupi, chapani ndi madzi a pamjigo. Mukaona magazi mu mkodzo, wanu kapena wa mwana, pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Poyanika, mangani chingwe. Ndikudziwa kuti kuyala pamchenga kapena paudzu n'kwachangu, koma pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa, makamaka nthawi ya dzinja. Mphutsi zake zimalowa m'khungu n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo ana ndiwo amavutika kwambiri. Yanikani pachingwe padzuwa, chovala chitatembenuzidwa kunsi kuti mtundu usapserere, ndipo chikangouma chianuleni, dzuwa la kuno silichedwa. Kusita kumapha mazirawo. Simbi ya makala imagwira bwino ntchito, bola muipukute kunsi ndi kuyamba mwaiyesa pa sanza. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, musite zonse kamodzi, matewera ndi zamkati zomwe. Mukamapinda, pindani m'magulu: chitenje, bulauzi yake ndi duku lake pamodzi. Magulu atatu kapena anayi otere akutulutsani sabata yonse.

Mutu ndi mapazi ndizo zimaulula munthu. Lukitsani tsitsi losavuta kusamala limene lingakhale masabata angapo, koma lisakokedwe kwambiri m'mphepete, chifukwa kukoka kumathothola tsitsi la pamphumi. Kumeta lalifupi n'kwabwinonso m'nyengo yotentha. Musamange duku pa tsitsi lonyowa. Mapazi akwecheni pamwala posamba madzulo, muwadzoze Vaseline kapena girisalini musanagone, ming'alu imatseka. Patapata wa kubafa akhale wa kubafa. Gulani nsapato imodzi yafulati, yolimba, yoti mutha kuyenda nayo kuchokera kwa Mpondasi kukafika pa boma mutabereka mwana, ndipo muziipukuta mukangofika kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mtima ndikachiona m'misika: mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala oopsa monga mekyule ndi hydroquinone. Amapyapyalitsa khungu, dzuwa la kunyanja n'kuliwaula, masaya n'kuda zigamba zosachoka. Mekyule amaononganso impso ndipo amatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba kapena woyamwa. Khungu lanu likungofuna sopo, madzi ndi mafuta wamba.

Abambo amene mwawerenga mpaka pano, gawo lanu lilipo. Nyamulani mwana mphindi 10 kuti mayi ake asambe ndi kuvala mosathamanga, ndipo pogawa ndalama ya nsomba kapena ya zokolola, kamisolo ndi nsapato za akazi anu zikhale m'ndondomeko, osadikira chitenje cha pa Khirisimasi kapena pa Eid.

M'nyengo ya mwera, cha mu Juni ndi Julayi, m'mawa kumazizira ndithu, makamaka kumtunda ngati ku Namwera, ndiye juzi imodzi ya mtundu wakuda kapena wotuwa idzagwirizana ndi magulu anu onse aja. Ndipo m'chikwama chotulukira musasowe chitenje chapadera, kansalu koika paphewa pogeyetsa mwana, ndi bulauzi ina yopinda bwino. Mwana akakusanzirani muli pamzere wa sikelo, mumangopita kuseri, n'kusintha, n'kubwerera pamalo panu dzina lisanaitanidwe.