Mmene mungayambire kuphunzira chiyankhulo cha a Mohawk

Choyamba, dziwani kuti palibe chiyankhulo chimodzi chotchedwa Iroquois. Iroquois ndi dzina la anthu, eni nthaka akale a ku Canada ndi United States, amene eni ake amadzitcha Haudenosaunee, ndipo ndi mitundu isanu ndi umodzi, uliwonse ndi chiyankhulo chake: Mohawk, Oneida, Onondaga, Cayuga, Seneca, ndi a Tuscarora amene anachokera ku North Carolina n'kulandiridwa cha m'ma 1722. Musakhumbire zonse. Ine ndimati yambani ndi Kanien'kéha, cha a Mohawk, poti mwa zisanu ndi chimodzizi ndicho chili ndi oyankhula ambiri, ndipo mawu ake ojambulidwa savuta kuwapeza pa intaneti, monga pa FirstVoices.

Kenaka sankhani dera limodzi n'kulikakamira. A ku Kahnawà:ke pafupi ndi Montreal, a ku Akwesasne m'mbali mwa mtsinje wa St. Lawrence, ndi a ku Six Nations ku Ontario amamvana bwinobwino, koma katchulidwe ndi kalembedwe zimasiyanako. Zikomo ena amalemba niá:wen, ena nyá:wen. Mukasakaniza mudzangodzisokoneza nokha.

Khutu litsogole, maso abwere pambuyo, chifukwa zilembo zimapusitsa. K akakhala patsogolo pa vawelo amamveka ngati g, t ngati d. Timadontho tiwiri tikutanthauza kuti kokani mawuwo. Kachizindikiro ka ' ndiye kuti dulani mpweya pakhosi. En ndi on zimatulukira m'mphuno. Yesererani pagalasi. M'mawu awo enieni mulibe p, b kapena m, choncho mukaona milomo ikutsekana, mwaphonya.

Pamene ndikufuna muchedwepo ndi pa timaphatikizo toyambira mneni. Kuloweza mayina a nyama ndi a zipatso n'kutaya nthawi, popeza chiyankhulochi chagona pa mneni. Tengani konnorónhkwa, ndimakukonda. Kon- yekhayo wanena kale kuti wochita ndine, wochitiridwa ndiwe. Ife timanena ndi- payekha, -ku- payekha; iwo amamangira zonse pamodzi, ndipo timaphatikizo totere ndi tambirimbiri. Amasiyanitsa anthu awiri ndi anthu ambiri, komanso "ife" wophatikiza womvera ndi "ife" womusiya kunja. Tengani tsinde limodzi, mulizunguze pa anthu onsewa mokweza mawu mpaka lilime lizolowere, ndiye mupite pa lina. Sukulu ya akuluakulu ya Onkwawén:na Kentyóhkwa, yomwe inayamba mu 1999 ku Six Nations, imaphunzitsa kuchokera pa matsinde ndi timaphatikizo momwemu.

Mukapeza mphunzitsi pa intaneti, m'patseni moni wa shé:kon, mulipire nthawi yake, ndipo musajambule kanthu musanapemphe. Ambiri mwa agogo awo analangidwa chifukwa cha chiyankhulochi m'masukulu ogonera monga Mohawk Institute ya ku Brantford, imene inatsekedwa mu 1970. Mawu ndi nyimbo zina za miyambo ya m'nyumba yaitali, imene amasonkhanamo pochita miyambo ya makolo awo, si za alendo. Akakuuzani kuti izi ayi, nenani niá:wen, mufunse za mneni wina.