Momwe mungalerere mbozi ya m'chimanga m'botolo mpaka isanduke gulugufe

Mvula ikangogwa, timinda ta chimanga timamera paliponse mu Lusaka, kuseri kwa nyumba ku Chawama, m'mapuloti osamangidwa ku Chalala. Nayo ntchemberezandonda yachilendo ija, mbozi yowononga chimanga yomwe inalowa mu Zambia kumapeto kwa 2016 mpaka ndege za Zambia Air Force kunyamula mankhwala kupita nawo m'zigawo, siichedwa kufika. Ambiri akaona kuti mbozi zasowa m'chimanga amati zafa. Zimakhala zalowa m'dothi. Mutha kudzionera nokha m'botolo, pamodzi ndi ana.

Yambani ndi kupeza mbozi yoyenera. Pitani m'munda m'mamawa, muyang'ane chimanga chomwe masamba ake abooka ndipo kunsonga kuli ndowe zonga utuchi. Funyululani masamba opindana apakatiwo. Mbozi yathu ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda chakumchira tondandalikana ngati ngodya za bokosi. Mukapezanso mazira kunsi kwa tsamba, gulu limodzi la 100 mpaka 200 lokutidwa ndi ubweya wotuwa, dulani katsambako. Amaswa pa masiku awiri kapena atatu.

Tsukani botolo la chiponde, muthiremo dothi lonyowa pang'ono lokwana masentimita 8, pakamwa mumangepo kansalu ndi mphira. Liikeni pamthunzi.

Mbozi ikhale imodzi m'botolo lililonse. Ine ndinaika zitatu pamodzi, mwana wanga n'kuzipatsa mayina. Kutacha tinapeza imodzi yokha, yonenepa bwino. "Atate, zinazo zathawa?" Ndinasowa poyambira. Mbozizi zikakula zimadyana, n'chifukwa chake m'nsonga imodzi ya chimanga nthawi zambiri mumapeza yaikulu imodzi kapena ziwiri basi.

Tsiku lililonse iponyereni tsamba lanthete, muchotse ndowe. Idzafundula khungu kangapo, popeza imadutsa misinkhu isanu ndi umodzi pa masabata awiri kukamatentha, ndipo chakudya chambiri imachidya kumapetoko. Mwana azilemba tsiku ndi kutalika kwake m'kope.

Kenako imasiya kudya, imayendayenda, n'kulowa m'dothi. Apa ndi pomwe anthu amataya botolo poganiza kuti yafa. Dikirani masiku atatu, mufukule pang'onopang'ono ndi supuni. Mupeza kanthu kofiirira, kosalala, kopanda miyendo, kamene mukakakhudza kamagwedeza kumchira. M'kati mwa chikwacho thupi la mbozi likuphwasuka ndi kumangidwanso: mapiko, miyendo isanu ndi umodzi, kamlomo koyamwira. Kakwirireni. Pakatha masiku 8 kapena 9 mupeza gulugufe wausiku wotuwa atakhala pakansalu, mapiko akumbuyo oyera.

Ndiye kuti mwaona magawo anayi: dzira, mbozi, chikwa, gulugufe. Ntchentche, udzudzu, njuchi ndi anankafumbwe amadutsanso momwemo, ngakhale ali m'magulu ena. Agulugufe onse ali m'gulu la Lepidoptera. Kuti ana aone kusiyana, agwire kachiwala kakang'ono m'udzu. Kamafanana kale ndi make, kangosowa mapiko, ndipo sikadzalowa m'chikwa. Mphemvu, nsikidzi ndi inswa nazonso n'chimodzimodzi. Kangaude asalowe nawo m'kope, ali ndi miyendo isanu ndi itatu.

Kopelo likuthandizani kumunda. Ulendo wonse umatenga pafupifupi masiku 30 nyengo yotentha, choncho mbozi zikuluzikulu zikasowa, werengani masabata awiri muyambenso kutembenuza masamba kufuna mazira. Kuwaphwanya ndi chala, kapena kupopera mbozi zikadali zazing'ono zisanabisale m'nsonga, kumathandiza kuposa kuthamangira mankhwala chimanga chitatha kale.

Gulugufe wa m'botoloyo musamumasule, ngakhale mwana alire. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000, ndipo munda wa aneba uli pafupi.