Mwapeza nyumba ku Salisbury Lines, Chibavi kapena Masasa? Yambirani apa

Transifa ikakuponyani ku Mzuzu ndipo thumba likakuuzani kuti za ku Chimaliro kapena Kaning'ina muiwale kaye, mosakayika muthera m'malokeshoni akalewa, ndipo sabata yoyamba mutu umaima ndithu makamaka inu ozolowera Lilongwe. Kuno ndi zitunda ndi madambo, nyumba ina pamwamba ina kunsi, tinjira tokhotakhota toti lole ya katundu imakusiyani pamsewu waukulu zotsalazo n'kumalizitsa pamutu ndi anyamata aganyu.

Ukale wa Mzuzu si wa Zomba kapena Blantyre ayi. Tawuniyi inamera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mozungulira esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, ndipo inadzakhala mzinda mu 1985. Anthu ankabwera kudzafuna ntchito n'kumamanga pomwe apeza malo, mapulani kubwera pambuyo, nchifukwa chake simupezamo mizere yowongoka ngati ku Area 18. Ndiye musataye nthawi kuyang'ana penti, yang'anani komwe madzi amalowera mvula ikagwa.

Apa ndiye ndichedwepo chifukwa ndi pomwe ambiri amalira. Mvula ya ku Mzuzu siidziwa kalendala ya kummwera, mu Epulo ikadali kugwa yamphamvu, kenako mawawa ndi nkhungu mpaka Julaye. Musanapereke lendi ya miyezi itatu ija zungulirani nyumba yonse, weramani muone khoma kunsi kwake. Mukaona mzere wa matope wofika m'mawondo, kapena penti yatsopano yopakidwa kunsi kokha, dziwani kuti madzi analowapo. Lowani kuchipinda mutseke chitseko mununkhize, fungo la chinyezi silibisika ngakhale akolope bwanji. Kenako pitani kuchimbudzi, m'malo a dambo madzi ali pafupi kwambiri pansi moti dzenje limadzadza msanga, ndipo ngati chitsime chili mapazi ochepa kuchokera pamenepo madzi ake ndi ochapira basi, akumwa katungeni pa mpopi kapena pa kiyosiki. Nyumba za pamtunda nazo zili ndi yawo, onani ngati dothi lofiira lija lakokoloka n'kusiya fawundeshoni pamtunda. A landilodi musawafunse zimenezi, akuuzani kuti kuno ndi kouma ngati ku Nsanje. Funsani mayi ogulitsa tomato pakhomo loyandikana, iwo alibe nazo phindu.

Mukalowa, matiresi asagone pansi, ngakhale mapulanga pa njerwa ndi bedi ndithu, ndipo wodilopu muisiyire kampata ndi khoma apo bii sutu yanu ya ku tchalitchi imera nguwi. Juni ndi Julaye kumazizira koopsa, zochapa zimatha masiku zili pachingwe osauma, bulangete gulani awiri osachita manyazi. Koma chonde mbaula yamakala musagone nayo m'chipinda chotseka, mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Za magetsi ndi madzi zachidule: ngati mita ndi imodzi pa pulotipo gwirizanani tsiku loyamba kuti mayunitsi agula ndani liti, ndipo bilu yamadzi mukugawana pa khomo kapena pa mutu. Lembani penapake.

Tsopano anthu. M'malokeshoni amenewa muli mabanja oti akhalamo kuyambira agogo awo, akudziwana mpaka kumudzi ku Rumphi, Mzimba kapena Chitipa, ndiye inu mlendo akuonani kale musanatsitse mpando woyamba. Chichewa aliyense amamva, musaope, koma kudutsa munthu wamkulu osapereka moni ndi mlandu, ka monire kamodzi ka Chitumbuka ndi yewo wake sikakuthyolani lilime ngakhale akusekeni katchulidwe. Pemphani a landilodi akuperekezeni kwa a block leader mukadzionetse, ndi omwe adzakuthandizeni tsiku lomwe mbava zalowa kapena mwakangana ndi neba za ngalande. Pakagwa maliro sonkhani, ndipo kaonekereni ngakhale malemuyo simukuwadziwa, abambo kukhala nawo panja pamoto usiku, amayi kukathandiza kumaphikiro. Anthu amaona amene wabwera ndi amene watseka geti, ndipo ine ndimati akulondola, tsiku lanu likadzafika abale anu ali kutali ku Mulanje adzakunyamulani ndi omwewa.

Kumsika musathamangire kugula zonse tsiku limodzi. Ku Zigwagwa ndi kwa ndiwo zamasamba ndi kaunjika, ku Taifa ndi kwa zitenje ndi katundu wochokera ku Tanzania, ndipo mtengo woyamba amene akutchulirani akamva kalankhulidwe kanu si womaliza. Nsomba zimachokera kufupi ku Nkhata Bay, batala mukampeza mugule, mum'yese ndi kondowole kamodzi, ena amam'konda pompo ena amabwerera ku mgaiwa, palibe wokakamiza.

Mayendedwe ndi sakaramento, njinga zakapalasa zija zokhala ndi kampando kofewa kumbuyo, kapena njinga zamoto ngati mwachedwa. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo pachitunda musadabwe akakupemphani kuti mutsike muyende limodzi, nzachizolowezi. Sankhani mmodzi wapa siteji yakwanu mutenge nambala yake, amadziwa njira zomwe zimadutsika kukachita matope. Nsapato zakuntchito muziika m'chikwama, kuphazi magambutsi kapena masilipasi mpaka mufike patala.