Msungeni Amene Watuluka ndi 0-2: Mmene Kagulu ka Magemu Omenyana Kamakulira

Ine si katswiri, ndineneretu. Pa Tekken amandikuntha ndi ana amene ndinawaphunzitsa ndekha kagwiridwe ka kontirola, ndipo pa Street Fighter ndimadumphabe pa nthawi imene aliyense m'chipindamo akudziwa kuti ndidumpha. Chimene ndimatha ndi kusenza mamonita, kulemba mayina, ndi kukuwa kuti "inu awiri, setup yachiwiri, fulumirani!" Ntchito imeneyi inandigwera chifukwa panalibe woifuna. Koma ndi yomweyi imene yandionetsa chifukwa chake timagulu tina timakula pamene tina timazima miyezi itatu isanakwane.

Yambani ndi tsiku. Limodzi, ola limodzi, malo amodzi, osasinthasintha. Ife tinataya nthawi yaitali tikufunsana pa gulu la WhatsApp kuti "kodi sabata ino tikumana liti?" Aliyense ankadikira kuti anzake ayambe kuyankha, mapeto ake osaoneka ndi mmodzi yemwe. Titangolengeza kuti Loweruka lililonse 2 koloko masana chitseko chidzakhala chotsegula, kaya kubwere anthu 20 kaya atatu, zinthu zinayamba kuyenda. Masabata ena tinalidi atatu. Tinkasewera atatu omwewo, n'kujambula chithunzi, n'kuponya pa gulu. Munthu amene wasowa masabata asanu azidziwa, osafunsa aliyense, kuti akafika akupezani. Ngati sabata iliyonse ikukulemerani, chitani kawiri pamwezi, koma mukalengeza musaphonye.

Kenako zida. Setup ndi makina osewerera, monita, gemu ndi zingwe zake, ndipo kuchuluka kwa ma setup ndi kumene kumanena kuti anthu asewera kapena angoima n'kumaonerera misana ya anzawo. Ngati mukufuna kuthandiza gulu lanu koma simudziwa poyambira, bweretsani setup. Palibe mphatso yoposa imeneyi, ndipo kwathu wobweretsa setup salipira ya pakhomo. Magemu amenewa amayenda mafulemu (zithunzi zotsatizana) 60 pa sekondi, kutanthauza kuti fulemu imodzi ndi pafupifupi mamilisekondi 17. Chibakera chofulumira pa Tekken chimatuluka m'mafulemu 10, pa Street Fighter 6 m'mafulemu 4. TV yaikulu ikamakongoletsa chithunzi isanachionetse imatha kudya mafulemu angapo, ndiye munthu amaona nkhonya itamupeza kale. Lowani m'makonzedwe a TV, yatsani Game Mode, kapena pezani monita ya kompyuta. Gemu muichite update usiku wa dzulo lake, osati anthu atakhala kale pamipando. Onetsetsani kuti ma character (omenyana a mu gemu amene wosewera amasankha) onse ogula padera alimo, chifukwa munthu amene waphunzira mmodzi yekha kwa miyezi sasangalala kumupeza atatsekedwa. Kontirola yopanda chingwe muziichotsa m'makina mukamaliza kusewera. Tinaonapo gemu yomaliza ya mpikisano itaima pakati chifukwa wina wakhalira chikwama chake kuseri uko, batani n'kudinika. Ndipo lembani dzina pa chingwe chilichonse. Zingwe za HDMI zili ndi miyendo.

Tsopano nkhani imene ndinakhalira pansi kuti ndilembe.

Mipikisano yambiri ya magemu omenyana imayenda mwa double elimination: ukagonja koyamba umatsikira kumbali ya ogonja, ukagonjanso watuluka. Werengani nane. Mwa anthu 16, anthu 8 amagonja gemu yoyamba. Asanu ndi atatuwo amakumana okhaokha, 4 n'kutuluka. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse amene walembetsa amatuluka osapambana ngakhale kamodzi, zimene osewera timangoti 0-2. Palibe chimene mungachite kuti chiwerengerochi chisinthe, ndi mmene ndandandayo inapangidwira. Ndipo anthu anayiwo nthawi zambiri ndi atsopano, omwe aja mwakhala mukuwapempha kuti abwere.

Tsiku lina kunabwera mnyamata amene sitinkamudziwa, kontirola yake ili m'bokosi momwe anaigulira. Ine ndinali pa laputopu ndi ndandanda. Ndinatchula dzina lake kawiri, ndipo mawu onse amene ndinamuyankhula tsiku limenelo ndi omwewo. Anagonja, anagonjanso, anakhala pakona kwa kanthawi akuyang'ana foni, kenako ndinangoona mpando uli wokha. Ola linali lisanakwane. Sanabwerenso. Palibe anamunyoza, palibe anamuseka. Tinangomusiya, aliyense ali ndi mnzake wocheza naye. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ameneyu anaumadi dzuwa lisanakwere.

Kuyambira pamenepo tinasintha zinthu zingapo, ndipo ndikukupemphani muzitengere. Setup imodzi ikhale ya masewera ocheza okhaokha, amene timati casuals, ndipo mpikisano usaigwire ngakhale nthawi itathina bwanji. Wotuluka msanga akhale ndi kopita. Chachiwiri, anthu amene atuluka koyambirira apangireni kampikisano kawo kapadera, okhaokha. Kumeneko ndi kumene munthu amalawa kupambana koyamba pamaso pa anthu, ndipo nkhope yake tsiku limenelo simungaiiwale. Mukakhala ochepa, musavutike ndi double elimination. Anthu 6 aliyense akakumana ndi aliyense ndi magemu 15, ndipo ngakhale wotsiriza amapita kwawo atasewera kasanu. Chinanso, poika mayina m'ndandanda musakumanitse anthu amene abwera limodzi ndipo amasewera limodzi tsiku ndi tsiku. Sanayende ulendo wonsewo kuti adzamenyane ndi mchimwene wake.

Ndipo pakhale munthu mmodzi, osati wogwira ndandanda, amene ntchito yake ndi kuona nkhope zachilendo. Afunse dzina, afunse gemu imene amasewera, amukhazike pa setup ndi munthu wofatsa. Mawa lake amulembere kauthenga. Zimaoneka zazing'ono, koma ambiri mwa amene akhazikika pagulu lathu amakumbukira amene anayamba kuwapatsa moni, osati amene anatenga mphoto tsiku limenelo.

Inu odziwa kusewera, kaphunzitsidwe kanu n'kofunika kuposa luso lanu. Kumumenya watsopano maulendo 20 muli chete si kumuphunzitsa. Kumugonjera dala nakonso ndi chipongwe, ndipo amadziwa. Sewerani bwino, koma pakatha magemu atatu imani, mufunse ngati akufuna malangizo, ndipo akavomera muuzeni chinthu chimodzi chokha. "Ukagwa usamadzuke ukumenya." "Kombo yanga ija imathera pansi, tchinga utagwada." Kenako bwerezani chomwecho mpaka atchinge, ndipo akatchinga muuzeni kuti wakhoza. Za frame data, manambala a liwiro la nkhonya iliyonse, zidikire mwezi wamawa. Munthu amene akuvutikabe kutulutsa Hadoken, mpira wamphamvu woponya wa pa Street Fighter, mukamuunjikira manambala, amangogwedeza mutu mwaulemu basi.

Pano ndili ndi mbali, ndipo sindibisa. Street Fighter 6 itatuluka mu 2023 inabwera ndi Modern controls, Tekken 8 mu 2024 inabwera ndi Special Style, zonse zofewetsa madinidwe a mabatani. Pali anzathu amene amanyogodola ogwiritsa ntchito zimenezi. Alekeni kaye atsopanowo. Capcom yeniyeniyo, kampani yopanga Street Fighter, imalola Modern m'mipikisano yake, ndiye ife a m'kachipinda ka anthu 12 tikhale okhwima kuposa eni gemu? Munthu abwere ndi chimene akutha, zinazo adzasankha yekha akazolowera.

Palinso khalidwe lobisa nzeru, loti katswiri wa pagulu safuna kuulula mmene angagonjetsedwere. Kumeneko n'kudzitchera wekha. Mu 2019 Arslan Ash wa ku Pakistan anapambana Tekken 7 pa Evo Japan, n'kupambananso chaka chomwecho ku Las Vegas pa Evo, mpikisano waukulu wa magemu omenyana, pomwe ambiri kunja sankadziwa n'komwe kuti dziko lake lili ndi osewera a mphamvu chotero. Luso limenelo linasulidwa m'malo osewerera a ku Lahore, anthu akumenyana maso ndi maso mobwerezabwereza, ndipo pambuyo pake anzake monga Atif Butt anatulukanso n'kutenga mipikisano ikuluikulu. Katswiri amakwera kufika pamene omuzungulira akumukankhira. Mukamuuza mnzanu pomwe muli pofooka, sabata yamawa adzakulangani pomwepo, ndipo mudzakakamizika kupakonza.

Intaneti muigwiritse ntchito podzaza masiku a pakati. Magemu ambiri atsopano ali ndi rollback netcode, njira imene makina amayerekezera batani limene mnzanu adine n'kukonza msanga ngati alakwitsa, m'malo moimitsa gemu kudikira. Njirayi inatchuka ndi GGPO ya Tony Cannon, mmodzi mwa oyambitsa Evo, imene mu 2019 inatsegulidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito. Magemu akale ngati Street Fighter III: 3rd Strike akuseweredwabe pa intaneti kudzera mu pulogalamu ya Fightcade, ndipo Super Smash Bros. Melee ya 2001 inapeza rollback mu 2020 kudzera mu Slippi, ntchito ya okonda gemuyo osati ya kampani. Lamulo ndi limodzi: chingwe, osati Wi-Fi. Usiku umodzi pakati pa sabata pa Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti, ndi wokwanira. Koma musalole kuti ulowe m'malo mwa kukumana. Pa intaneti wokumenya amangochoka, pamene pampando amatembenuka n'kukuuza chimene unalakwitsa.

Jambulani. Kanema wa 2004 wa Daigo Umehara pa Street Fighter III akutchinga mateche 15 a Chun-Li, character wa Justin Wong, moyo utatsala kadontho, wakokera anthu ambiri ku magemu amenewa, ndipo theka la mphamvu yake ndi phokoso la anthu m'holomo. Foni pa kathandala imakwana, pulogalamu yojambulira ya OBS Studio ndi yaulere ngati muli ndi kompyuta. Dulani tizidutswa ta masekondi 30 m'malo moponya maola anayi amene palibe adzaonere. Musamajambule akatswiri okhaokha. Watsopano akaona gemu yake yaponyedwa amaitumiza kwa anzake onse, ndipo ameneyo ndiye wakulengezerani kwa anthu amene inu simukanawafika. Ingopemphani chilolezo musanaonetse nkhope ya munthu, makamaka ana.

Za ndalama ndinena mwachidule chifukwa n'zosavuta, kungoti zimapha magulu. Ya pakhomo, yolipirira malo, ikhale payokha. Yolowera mpikisano, imene imakhala mphoto, payokhanso. Ambiri amagawa 60, 30 ndi 10 pa 100 kwa atatu oyamba. Lembani zonse poyera, zolowa ndi zotuluka, tsiku lomwelo. Wobwera koyamba asalipire. Ndipo ngati opambana ndi atatu omwewo sabata iliyonse, enawo amayamba kumva ngati akukhoma msonkho, ndiye tsitsani yolowera kapena masabata ena sewerani popanda mphoto.

Malamulo a khalidwe muwalembe mavuto asanabwere. Kukuwa, kunyadira, kuselewulana pakati pa anthu odziwana, zonsezo ndi mchere wa magemu omenyana. Kutukwana munthu chifukwa ndi mkazi, chifukwa cha mtundu wake kapena thupi lake, kuponya kontirola, kuvutitsa ana, zimenezo ayi. Chovuta chimabwera pamene wolakwayo ndi katswiri wanu kapena mwini ma setup awiri. Ife tinazengereza pa nkhani yotere, ndipo pamene tinkalimba mtima n'kuti atsikana awiri amene ankabwera atasiya kale. Sananene chilichonse. Anthu otere sadandaula kwa inu, amangosowa.

Inu ogwira ndandanda, dzisamaleni. Anthu 16 mu double elimination ndi magemu 30 kapena 31. Iliyonse ikatenga mphindi 10 pa ma setup awiri, ndi maola awiri ndi theka, osawerengera wopita kukayankha foni. Yambani pa nthawi yake ngakhale katswiri asanafike, ndipo wochedwa kupitirira mphindi zimene munagwirizana alembeni kuti wagonja. Mukachita kamodzi, sabata yotsatira onse amafika msanga. Phunzitsani anthu ena awiri kuyendetsa ndandanda pa webusaiti ya Challonge kapena start.gg, apatseni ndi mawu achinsinsi omwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu limene limatseka chifukwa munthu mmodzi wadwala silinayambe kukhala gulu. Inu ena, musadikire kupemphedwa. Pindani mipando, tolerani zinyalala, thokozani mwini malo. Malo amatayika chifukwa cha chipinda chosiyidwa chauve kawirikawiri kuposa chifukwa cha ndalama.

Nanga ngati gemu yanu ndi yaing'ono, yoti oisewera ndinu anayi? Musadzipatule. Evo yomwe inayamba mu 1996 ku California ngati Battle by the Bay, ndi anthu pafupifupi 40. Melee inabwerera pa Evo mu 2013 chifukwa osewera ake anasonkha madola oposa 94,000 othandizira kafukufuku wa khansa ya m'mawere, n'kuposa magulu a magemu ena amene ankalimbirana malo omwewo. Palibe anawaitana, anadzitsegulira okha. Inunso pitani kumene a Tekken kapena a Street Fighter amakumana, pemphani kangodya, ndipo lowani nawo mpikisano wawo ngakhale mukamenyedwe, chifukwa amene mwamuthandiza kudzaza ndandanda yake savuta kudzaza yanu. Ikani setup yanu pafupi ndi khomo kumene aliyense amadutsa, kwezani mawu a gemu pang'ono, ndipo sankhiranitu character wosavuta woti mlendo ayambire. Kontirola yachiwiri ikhale patebulo, yolumikiza kale, mpando wake uli wopanda munthu.